Mukalibe kutuma K250 ija, funsankoni ba Google

Tonse timagula bundle. Kondakitala amagula, amai ogulitsa tomato pa Soweto amagula, ngakhale mnyamata amene akamba kuti alibe ya sopo, ya bundle amaipeza ndithu. Koma mukafunsa kuti ma GB aja anathela kuti, yankho ni imodzimodzi: TikTok, Facebook na ma status a pa WhatsApp. Sinikana, nanenso nimaseka na tumavidiyo tuja usiku malaiti akapita. Cimene cimanibaba mumtima n'cakuti pa foni imodzimodziyo pali kabokosi ka Google, kamene m'mamineti awili kangakuuzeni ngati nchito imene mwaona pa gulupu ni yazoona kapena ni msampha. Ambili a ife timakakumbukila cabe tikafuna kudziwa kuti Arsenal yawina zingati.

Ndipo ngakhale amene amafufuzako, ambili amafunsa monga munthu amene wafika pa Intercity n'kuyamba kukuwa kuti, "Nifuna basi!" Basi ya kuti? Ya ku Chipata, ya ku Mongu, ya ku Nakonde? Anyamata a pa sitesheni azakulanda cola n'kukukwezeka iliyonse imene ili pafupi. Munthu alemba "jobs" cabe, kapena "house for rent", zimene zabwela n'zosamuthandiza, ndiye ati, "Aa, iyi Google ni yabodza." Iyai mwandi. Google sawelenga mumtima. Amatenga mau amene mwamupatsa, ndipo mukamupatsa mau a cisawawa, amakubwezelani cisawawa.

Mwana wa asisi anga anatsiliza Grade 12 zaka ziwili zapitazo. Kucokela apo wakhala ayenda na envulopu ya khaki mu Industrial Area mpaka nsapato zinatha cidendene. Tsiku lina anabwela kunyumba maso ali mbee na cimwemwe.

"Ba ankolo, nibwelekeniko K250. Napeza nchito."

Anationetsa uthenga pa foni. Mauthenga aja mumawadziwa. Pamwamba pali logo ya kampani yaikulu imene aliyense amaidziwa. Afuna anthu 200, malipilo K4,500 pa mwezi, olo ulibe experience palibe vuto. Cacikulu utume K250 ya "medical" pa nambala ya foni, ndipo mawa ni last day. Nthawi zonse mawa ndiye amakhala last day, kuti usapeze mpata woganiza kapena wofunsa munthu.

Ninamuuza kuti, "Leta foni, tifunseko ba Google."

Tinakopa ciganizo cimodzi ca pakati pa uthenga uja, monga mmene cinalembedwela, n'kuciika pakati pa tuzizindikilo tuwili utu " ". Apa ndiye pagona nkhani. Mukalemba mau popanda tuzizindikilo utu, Google amawamwaza, amatenga liu ili apa, lina apo, n'kukupatsani ciliconse cofananako. Koma mukawatsekela mkati, amasakila ciganizo cimeneco ndendende, liu na liu. Akawalala aja ni aulesi, salemba uthenga watsopano tsiku lililonse. Amangocotsa dzina la kampani na dziko, zina zonse n'kusiya mmene zilili. Ndiye ciganizo cathu cija cinatuluka m'malo angapo, kwina cili na dzina la kampani ina, kwina ni dziko lina, kwina deti ni ya zaka zitatu zapitazo, ndipo pansi pake anthu alila kuti anadyeledwa. Tinacitanso cimodzimodzi na nambala ya foni ija. Inapezeka pa Facebook, tsiku lina igulitsa ma plot, tsiku lina ikongoletsa ndalama.

Mfana anakhala cabe zii. Patapita nthawi ati, "Manje ba ankolo, nanga logo ija?" Logo aliyense angaitenge, ndipo amaitenga pa Google pamenepo. Cinanimvetsa cisoni si K250, ngakhale kuti ni ndalama ya unga. N'cakuti mwana anali atauza kale amai ake kuti mavuto atha.

Kwa amene asakila nchito za boma, pali kamau kena kothandiza maningi: site: Mukalemba kuti teacher recruitment site:gov.zm, ndiye kuti mwauza Google kuti, "Za kwina usanibweletsele, nifuna cabe zocokela pa mawebusaiti a boma la Zambia." Pakati pa site: na gov.zm musasiyepo mpata, mukasiya sicisewenza. Mukumbukile mu 2022 pamene boma linalemba aphunzitsi 30,496 na anchito za umoyo 11,276. Nthawi ija kunabuka anthu ozicha "ba ku Ministry", olonjeza kulowetsa dzina lanu pa mndandanda mukawatumila kangacepe. Koma maina enieni anatuluka poyela, m'manyuzipepala, aliyense anaziwelengela yekha. Boma likafuna anthu limalengeza, silikutumilani meseji usiku kuti mutume ndalama pa nambala ya munthu.

Si mabungwe onse a boma amene ali pa gov.zm. NAPSA ili pa napsa.co.zm, ZRA pa zra.org.zm, PACRA pa pacra.org.zm, TEVETA pa teveta.org.zm. Izi n'zofunika kuzisunga m'mutu monga nambala ya amai anu. Mu 2023, lamulo litalola anthu kutengako 20 pelesenti ya ndalama zawo za NAPSA akalibe kupuma pa nchito, aliyense anali kutumila mnzake link, ndipo si zonse zinali kupita ku NAPSA. Mukalibe kulemba nambala ya NRC kapena PIN paliponse, yanganani adilesi pamwamba. Cofunika ni mau amene ali kumapeto, kamzele kopendeka koyamba kakalibe kufika. Ngati dzina la bungwe lili kutsogolo koma kumapeto kuli zilembo zacilendo zimene simunazionepo, tulukamoni. Ni monga munthu wovala jombo za polisi koma kumtunda wavala jezi ya Manchester United.

Cina cimene tiyenela kuvomeleza n'cakuti Google sanakulile mu komboni. Anayambitsidwa mu 1998 ku California na anyamata awili a pa yunivesiti ya Stanford, Larry Page na Sergey Brin, ndipo maina athu amamusokoneza. Mukalemba Garden, angakuonetseni maluwa. Mukalemba George, angakubweletseleni mwana wa Prince William, pamene imwe mufuna kiliniki ya mu George komboni. So nthawi zonse muziikako Lusaka, Kitwe, Ndola kapena Zambia kumapeto. ECZ nayo ili pawili: pali Examinations Council of Zambia ya mayeso, na Electoral Commission of Zambia ya masankho. Mwana wofuna zotuluka za Grade 9 angapezeke awelenga mavoti a ku Munali. Lembani dzina lonse, kapena cotsani cimene simufuna na kamzele ka minus, motele: ECZ results -election. Kamzele kaja kagundane na liu limene mucotsa. Ngakhale kwacha ili pawili, cifukwa anzathu a ku Malawi naonso amacha ndalama yawo kwacha. Ngati m'bale wanu wa ku Johannesburg watuma R1,000, lembani 1000 ZAR to ZMW. ZMW ndiye yathu kucokela mu 2013 pamene anacotsa maziro atatu, MWK ni ya ku Malawi. Mtengo umene muzaona ni wongokupatsani cithunzi, pa bureau amadulako yawo.

Nkhani ya deti nayo imagwetsa anthu ambili. Cilengezo ca nchito cingakhale cazoona ndithu, koma ca caka catha, ndipo wina wacifukula n'kucitumanso pa gulupu. Munthu uwononga ndalama ya ma photocopy, ya kudinditsa mapepala, ya basi, kufika kuja mlonda akuseka. Mukafufuza, pansi pa kabokosi pamakhala mzele wa mau monga All, Images, News. Uguzileni kumanzele mpaka mupeze Tools kapena Search tools, tinikani pamene palembedwa Any time, n'kusankha Past week kapena Past month. Zakale zonse zizacoka. Amene safuna kuguza-guza angalembe cabe after: na deti kumapeto kwa mau awo, monga after:2025-01-01.

Manje kwa imwe amene muli kale pa nchito. Ba neba anga anasewenza ulonda zaka ziwili pa kontilakiti. Itasila, abwana anawauza kuti gratuity ni cifundo ca kampani, caka cino zinthu sizinayende bwino, ndiye kulibe. Mudala uyu ni munthu wofatsa, wa ku chalichi, anali pafupi kuzisiya m'manja mwa Mulungu. Tinakhala pa khonde n'kulemba kuti Employment Code Act 2019 Zambia filetype:pdf. Kamau aka ka filetype:pdf kamauza Google kuti abweletse cikalata ceniceni, osati nkhani za anthu okamba za cikalataco. Lamulo linabwela lonse, Act No. 3 ya 2019.

Vuto n'lakuti ni buku lalitali, ndipo Cizungu cake ni ca maloya. Palibe amene angaliwelenge lonse pa foni. Apa m'pamene pasewenzela cinthu cimene ambili sacidziwa: mukatsegula cikalata kapena peji iliyonse, tinikani tumadontho tutatu pa kona, musankhe Find in page, kapena kagalasi kofufuzila ngati ni PDF. Tinalembamo liu limodzi, gratuity, ndipo foni inatilumphitsa mpaka pa cigawo 73. Pamenepo palembedwa kuti kontilakiti yaitali ikasila, wolemba nchito alipile gratuity yosacepela 25 pelesenti ya basic pay imene munthu walandila pa nthawi yonse ya kontilakiti. Kontilakiti yaitali ni yopitilila miyezi 12. Masamu tinacitila m'kabokosi ka Google komweko, cifukwa ni kakyuleta kale. Basic ya K3,000, miyezi 24: lembani 3000*24*0.25, yankho ni 18,000.

Ba neba anavula magalasi n'kuwapukuta. "Iwe mwana, ukamba zoona? Bwelezanso."

Tinabweleza, inali 18,000 ndithu. Sinikamba kuti foni yalowa m'malo mwa loya. Malamulo ali na tumicila twake, pali magulu ena a anchito amene anapatulidwa pa zigawo zina, ndiye cifukwa cake anapita ku Labour Office kukafunsa bwino. Koma anapita adziwa nambala ya cigawo, ndipo munthu wochula "section 73" samuyankha monga mmene amayankhila munthu wongodandaula. M'lamulo limenelo mulinso masiku awili a chuti pa mwezi uliwonse umene wasewenza, na masabata 14 a chuti ca ucembele kwa azimai. Ni angati pa ife amene anaziwelengapo okha zimenezi?

Njila imodzimodziyi isewenza pa CDF. Mu 2022 ndalama ya CDF inakwela kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa constituency iliyonse, ndipo mbali ina ni ya ma bursary a maphunzilo a luso, monga ukalipentala, zamagetsi na utelala. Pamene pali ndalama sipasowa ma "agent". Lembani CDF guidelines Zambia filetype:pdf, muziwelengele mweka amene ayenela kupempha na kumene fomu ipita. Ndipo mukalibe kulipila koleji ya kuseli kwa mashopu imene ilonjeza satifiketi m'miyezi itatu, sakilani dzina lake pa webusaiti ya TEVETA muone ngati inalembetsedwa. Kampani imene ikamba kuti ikupelekani ku nchito kunja, yanganani ngati dzina lake lipezeka ku PACRA. Kulembetsa si umboni wakuti ni oongoka, koma kusapezeka konse kumakamba zambili.

Pa zonse, cimene cimanikondweletsa ngako ni kufufuza na cithunzi. M'kabokosi ka Google, ca kumanja, muli kacizindikilo ka kamela. Ni Google Lens. Mnzanga wa ku nchito anali kusakila nyumba, n'kuona pa Facebook ya zipinda ziwili, self-contained, matailosi onyezimila, kichini ya makabati, mtengo wotsika modabwitsa. "Agent" ati tumani K100 ya viewing fee, anthu ni ambili amene aifuna. Tinatenga screenshot, kuiika mu Lens, ndipo cithunzi cimeneco cinapezeka pa webusaiti yogulitsa manyumba ku Pretoria. Makatani amodzimodzi, ngakhale kamphika ka maluwa pa windo. Mu Chrome n'cosavuta: tinikani cithunzi osacotsa cala, pazabwela mau okufunsani ngati mufuna kucifufuza na Google Lens.

Muzicita cimodzimodzi na motoka yochipa imene mwini wake "ali pa Nakonde, afuna cabe ya mafuta", na ka iPhone ka mtengo wa itel, na mkazi wokongola kapena msilikali wa ku America amene wakukondani mwadzidzidzi pa Messenger. Olo zithunzi za ngozi zimene zimazungulila kuti "zacitika lelo pa Kapiri", kambili mupeza ni za dziko lina, za zaka zakale, ndipo amai anu kumudzi alila kale poganiza kuti munali m'basi imeneyo.

Lens si ya kugwila akawalala cabe. Niziwa makanika wina mu Matero amene amakopa sipeya yakutha, kapena nambala yodindidwa pa iyo, kuti adziwe dzina lake leni-leni akalibe kupita kukagula. Makina oyezela motoka akaonetsa kodi monga P0300, amailemba pamodzi na mtundu wa motoka, n'kupeza kuti injini iphonya moto m'masilinda, ndiye ayambila pa ma plug na ma coil m'malo momasula injini yonse. Okonza mafoni naonso n'cimodzimodzi: lembani model yeniyeni ya foni na mau amene yaonetsa pa sikilini, osati "my phone is not working". Katundu wolembedwa Cichaina, lozetsani kamela, Lens imasulila pamenepo.

Pa nkhani ya citundu, zoona zake n'zakuti mayankho ambili ali m'Cizungu, cifukwa zolembedwa m'Cinyanja pa intaneti n'zocepa. Koma musaope sipelo. Google amakonza yekha mau olakwika, ndipo safuna galamala ya kusukulu, afuna cabe mau ofunika atatu kapena anai. Amene kulemba kumawavuta, tinikani ka maikolofoni mukambe. Google Translate ili na citundu cathu kucokela mu 2014, ndipo Cibemba cinalowa mu 2024. Koma Cinyanja cake ni Cicewa ca ku Malawi, cozama monga ulaliki wa abusa a ku Nkhoma. Mukailembela kuti "nili che mushe boi", musadabwe ikasokonezeka.

Muzicenjelanso na zimene zikhala pamwamba peni-peni. Ambili timaganiza kuti yankho yoyamba ndiye yazoona kupambana zonse. Yanganitsitsani, kambili pamakhala kamau kakuti Sponsored. Amenewo analipila kuti akhale kutsogolo, ndipo m'mene Google amapangila ndalama zake zambili. Kuyambila mu 2024 anayambanso kuika yankho yolembedwa na AI pamwamba. Imathandiza, koma imakamba molimba mtima ngakhale pamene yalakwa, monga mudala wa pa bawa amene adziwa zonse. Pa nkhani za malamulo ingasakanize za Zambia na za South Africa. Pambali pake pamakhala ma link a kumene yatenga nkhani, tsegulani muone mweka. Ndipo ngati ni matenda, conde. Mutu ukababa na thupi kutentha, intaneti izakuuzani matenda khumi oopsa, mugone osagona. Pitani ku kiliniki akakupimeni maleliya.

Wina azati, "Zonse izi zidya bundle." Kufufuza mau kudya pang'ono maningi poyelekeza na vidiyo. Tumavidiyo tungapo twa TikTok tumene mwapenya muli pa mzele wa basi tungakwanile kufufuza kwa tsiku lonse. Zikalata zikulu-zikulu monga lamulo lija citani download kamodzi, pa bundle ya usiku kapena pa Wi-Fi ya ku nchito, zikhale mu foni. Mapu a Lusaka naonso mungawasunge mu Google Maps kuti asewenze popanda intaneti, cinthu cothandiza kwa anyamata a njinga zamoto opeleka katundu. Ndipo pakuti mu komboni foni imodzi imagwilidwa na anthu asanu, dziwani kuti zimene mwafufuza zimasungika. Ngati ni nkhani ya umoyo wanu kapena ya nkhongole imene simufuna kuti alamu anu aione, tsegulani Incognito pa tumadontho tutatu tuja. Imabisa kwa wobweleka foni, koma siibisa kwa a netiweki kapena kwa abwana ngati muli pa Wi-Fi ya kampani.

Pali pamene Google amafika polekezela. Ngati mwaika nambala ya foni kapena ciganizo ca uthenga koma palibe cimene catuluka, sindiye kuti munthuyo ni woyela. Mwina SIM anaigula dzulo, ndipo imwe ndimwe woyamba pa mndandanda wake. Zikatelo sakilani dzina la kampani pa Google Maps, muone ngati ili na ofesi, mutenge nambala ya pa webusaiti yake yeniyeni, osati ya mu uthenga, n'kutuma foni. Ngati ili mu tauni momwe muno, kwelani basi mupiteko. Simufunika olo kuonana na manijala. Mlonda wa pa geti amadziwa ngati kampani ilemba anthu sabata ino, ndipo ngati mwabwela na uthenga wabodza, azakuuzani kuti ndimwe wa nambala cakuti kufika nao kucokela m'mawa.